Nsalu Imene Ndidachotsa pa Bokosi la Mkazi Wanga

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene adandibwereka aNaphiri zaka zonse zimene tidakhala limodzi, nawatenganso pa nthawi yake. Ndimthokoza chifukwa cha miyendo imene idandinyamula tsiku limene tidawaika m'manda, pakuti mwa ine ndekha mudalibe mphamvu. Ambiri adamva za tsiku limenelo, ena ku chigayo, ena pa mzere wa feteleza ku depoti, ndipo aliyense adamva zakezake. Ndati ndilembe zimene ndidaona ndi maso anga.

Ndidadzuka kusanache. Ndidali nditagona pakhonde, msana utatsamira khoma, chifukwa m'nyumba mudadzaza amayi ozungulira bokosi. Nyimbo zimene zidayimbidwa usiku wonse zidali zitatsika. Padangotsala mawu a amayi okalamba angapo amene ankakoka vesi pang'onopang'ono, ngati akuopa kuti akaleka nyumba ikhala yopanda mwini. Panja amuna adali atagona mozungulira moto wa zitsa, ena atafunda majekete kumutu. Kunkatentha ngakhale m'mamawa, kutentha kwa Novembala kumene kumabwera mvula ikamazengereza. Kuseri kwa nyumba atsikana adayamba kuika mafuwa ndi kukoleza moto, ndipo utsi unkayenda chapansipansi kulowera kumunda.

Ine kwathu ndi ku Nkhamenya. Ndidabwera kuno kuchigawo cha Mtunthama ndili mnyamata, kudzasankha fodya pa esiteti, ndipo ndidakwatira m'mudzi uno chikamwini. Nyumba ndidamanga ine, chigafa ndidamanga ine, koma dothi limene zidaimapo ndi la kuchikazi. Mkamwini amalima, amabereka, amakalamba, koma pa maliro a mkazi wake alibe mawu. Ntchito yake ndi kulira. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Tiyamike, ali ku Joni ndi mwamuna wake, ndipo mapepala ake sadali bwino kuti angabwere. Adalira pa foni mpaka mayunitsi adatha. Choncho m'khamu lonse limene lidagona pabwalo langa mudalibe wa magazi anga.

Amene simudawadziwe aNaphiri, ndikuuzeni. Adali mayi wa Mvano mu mpingo wathu, ndiponso adadzipereka ku bungwe lina lophunzitsa anthu za chisankho, losaima ndi chipani chilichonse. Malipiro padalibe. Adawapatsa sikipa ndi chipewa basi, njinga idali yathu. Ankapita pa mjigo, ku sikelo ya ana, m'makomboni a matenanti, ngakhale kwa amayi achisilamu pa Mtunthama, ndipo mawu awo adali omwewo kulikonse. Ankati kalembetseni, chiphaso chovotera ndi chanu, musapatse munthu. Ankati mukalowa m'kachipinda kovotera muli nokha ndi Mulungu wanu. Ankati kuponi ya feteleza ndi ya boma, yochokera m'misonkho ya tonse, si mphatso ya m'thumba la munthu. Mawu otsirizawa ndiwo adawadanitsa ndi anthu. Chaka chimenecho padali anyamata oyenda m'midzi kulemba manambala a ziphaso, akumati amene wapereka nambala kuponi yake yatsimikizika, ndipo amene adzavotere kwina adzadziwika. ANaphiri ankawatsutsa poyera. A chipani ichi ankati ndi a chipani icho, a chipani icho ankati ndi a chipani ichi. Makuponi akachepa m'mudzi, ena ankati chifukwa ndi pakamwa pa mkazi wanga.

Matenda awo sadatenge nthawi. Ali m'chipatala adandigwira dzanja nati, "Bambo ake a Tiyamike, ndikapita musalole nsalu ya chipani pa bokosi langa. Tidaziona kwa anzathu. Anthu adzati ndinkawanamiza." Ndidavomera msanga, monga mmene munthu amavomerera wodwala kuti agone. Sindidaganize kuti ndikulonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwanga.

Madzulo a tsiku loti mawa tiika maliro kudabwera lole ya ashado, bambo wina amene ankafuna kudzaima pa chisankho m'dera lathu. Idatsitsa matumba a chimanga, mbuzi ndi tenti, ndipo anthu ake adalonjeza kuti lole yomweyo idzanyamula bokosi kupita kumanda. Adalandira zonsezi ndi alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa aNaphiri, amene ndiye mwinimbumba. Ine ndidaona katundu akutsika, ndipo mtima udandiuza kuti nsalu ili m'njira.

Kutangoyera ndidawaona alamu akupita kuseri kwa chigafa, ndipo ndidawatsatira. Adali ataima akuyang'ana nazale yawo ya fodya kumunsi kwa dambo, yobiriwira, yakwana kuwokera.

"Alamu, pali mawu amene malemu adandisiyira."

"Nenani."

"Adati pa bokosi lawo pasafike nsalu ya chipani."

Adati, "Adauza inu. Ine mlongo wawo sadandiuze." Adaloza kubwalo ndi chibwano. "Anthu onsewa adya chiyani, alamu? Inu mwatulutsa thumba? Munthu watipatsa chakudya, watipatsa lole, ndiye ife timuuze kuti nsalu yako ikununkha? Wakufa saona. Ife otsala tili ndi mbewu izi, ndipo mayina a makuponi sadatuluke. Mlongo wanga watisautsa ali moyo, asatisautsenso atagona. Inu kalireni. Zoyendetsa maliro zisiyireni eni mbumba."

Sindikuwanena alamu anga. Ali ndi ana ambiri ndi ana amasiye a mlongo wawo wina, ndipo munda wa kuno wopanda feteleza umabereka mapesi okha. Maso awo adali ofiira ngati anga.

Ndidapita kwa mkulu wa mpingo amene adayenera kutsogolera mwambo, popeza abusa adali kutali ku mpingo wina. Adandimvera atagwira Baibulo pachifuwa, nati, "Ife a mpingo timayamba a kubanja akatipatsa thupi. Zisanafike pamenepo sitilowerera. Pempherani, abale." Ndidabwerera pakhonde ndi kukhala pa mkeka wanga.

Dzuwa litakwera anthu adayamba kuchuluka. Pamsewu padali pataikidwa masamba, ndipo apanjinga ankatsika kukankha. Adabwera matenanti a pa esiteti atavala nsapato za matayala. Adabwera eni magolosale a pa Mtunthama ndi zisoti zawo zoyera, nakhala pamodzi pansi pa mtengo wa mango. Amayi a Mvano adafika pamzere, mabulauzi ndi maduku oyera, akuyimba motsitsa. Kudabweranso amayi ambiri amene sindidawadziwe, ochokera m'midzi ya kutali, fumbi lili m'miyendo mpaka m'mawondo. Iwowa sadayandikire. Adakhala m'mphepete mwa bwalo, pafupi ndi nkhokwe, akuyang'ana nyumba. Anzawo a malemu a ku bungwe lija sadaoneke. Ndidamva pambuyo pake kuti adali atamwazikana m'malo a kalembera kumpoto kwa boma, ndipo uthenga udawapeza mochedwa. Aliyense wofika ankagwada pamaso panga, kundigwira dzanja, kunena pepani, ndi kupitirira kukakhala ndi anzake. Manja ambiri adandigwira tsiku limenelo, koma pa mkeka ndidakhala ndekha.

Chakudya chidayamba kupita kumanda kwa adzukulu, anthu okumba manda ochokera m'mudzi woyandikana nafe, kenako chidagawidwa kwa onse. Mbale yanga idaikidwa pambali panga. Sindidaitsegule.

Cha kumasana lole idabweranso, itadzaza amayi ovala nsalu zofanana, ndipo patsogolo pake padali galimoto yaing'ono ya ashado. Adawapatsa mipando mu tenti. Adzukulu nawo adafika kudzanena kuti nyumba ya malemu yatha. Bokosi lidatulutsidwa ndi kuikidwa pa benchi pakati pa bwalo. Lidali la matabwa amene ndidasunga kuti ndidzakhomere chitseko, ndipo adalikhoma ndi amuna a mumpingo. Tidaona nkhope. Ndidayang'ana nthawi yochepa, chifukwa kumbuyo kwanga kudali mzere. Adatseka.

Pamenepo mayi wotsogolera amayi a chipani adaimirira ndi anzake, natambasula nsalu. Adaifunditsa bwinobwino, akuwongola m'makona. Pansalupo padali nkhope ya mtsogoleri wawo, ndipo idagwera kumutu kwa bokosi, pamene padali nkhope ya mkazi wanga. Woyankhulira ashado adayamba kulankhula. Adayamika malemu ndi mawu okoma, ndipo ena mwa mawuwo adali oona. Kenako adati, "Mayi awa ambiri simudawadziwe. Ankagwira ntchito ndi ife mwakachetechete. Adali athu."

Kumbuyo kwanga, kumene kudakhala amayi a kutali aja, ndidamva wina akuuza mnzake, "Si ndinkakuuzani? Onse ndi amodzi awa." Sadanene mokwiya. Adanena ngati munthu amene watopa.

Ndidayang'ana kwa mkulu wa mpingo. Ankatsegula masamba a Baibulo. Ndidayang'ana kwa amayi a Mvano, ndipo maso awo adali pansi. Ndidakumbukira kholo lija la m'Malemba, limene lidali mlendo m'dziko la eni pamene mkazi wake adamwalira. Eni dziko adafuna kulipatsa manda aulere, koma lidawagwadira mwaulemu ndi kukana, chifukwa lidadziwa kuti chaulere chili ndi chingwe. Nalonso lidali ngati mkamwini, koma lidalankhula. Ndidapemphera pemphero lalifupi kwambiri, la mawu awiri kapena atatu, ndipo ndidapezeka nditaimirira.

Kuchoka pakhonde kufika pa benchi si patali, koma ndidamva bwalo lonse likutembenuka. Woyankhula uja adaleka. Ndidagwira nsalu kumiyendo kwa bokosi ndi kuikoka pang'onopang'ono kuti isagwe pansi. Ndidaipinda pakati, ndi kuipindanso. Ndidapita kwa mayi wotsogolera uja, ndidagwada, ndi kumupatsa ndi manja awiri.

"Amayi, chimanga ndi mbuzi talandira, Mulungu akubwezereni. Koma nsalu iyi eni ake adaikana ali moyo. Sadali anu, sadalinso a anzanu aja. Pepani."

Mayiyo adailandira chifukwa adasowa chochita. Padalibe amene adawomba m'manja kapena kuvomereza. Ndidamva mawu a alamu akuti, "Mkamwini uyu wazungulira mutu," ndipo adathamangira ku tenti kukapepesa. Ashado adawamvera ataimirira, akumanga batani la jekete. Sadakalipe. Adagwira chanza akuluakulu, nalowa m'galimoto. Amayi aja adakwera lole, ndipo lole idatsatira galimoto. Fumbi lake lidatsalira pabwalo nthawi yaitali.

Manda a mbumba ya aNaphiri ali kutali, kutsidya kwa dambo, kuseri kwa esiteti. Anthu adayang'anana. Amene adayamba kulankhula ndi mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi wa dothi lofiira mpaka m'tsitsi. Adzukulu pamaliro amalankhula zimene afuna, ndipo palibe amawayankha.

"Akamwini, mwathamangitsa lole. Ndiye malemu apita pa chiyani, pa ndevu zanuzo?"

Ena adaseka pang'ono, nadziletsa.

"Ife takumba kuyambira m'bandakucha, misana yatha. Inu a ku Nkhamenya mumati mukakwatira kwa eni muzilamulanso magalimoto? Bwerani kuno. Phewa limenelo lisapume. Mwayambitsa nokha."

Kwathu kuno mwamuna wa malemu sanyamula bokosi. Amayenda pambuyo atagwiridwa ndi anzake. Koma mawu a adzukulu ndi lamulo, ndipo ine ndidalibe wondigwira. Adamanga bokosi pa mitengo iwiri ya bulugama. Mkulu wa mpingo adapemphera, adawerenga Mawu, adalalikira mwachidule osatchula kanthu za zimene zidachitika. Amayi a Mvano adaika duku loyera la malemu pamwamba pa matabwa. Tidanyamula, ine kutsogolo kudzanja lamanzere.

Tidadutsa m'minda yogaula kale, mizere ili mbee kudikira mvula. Tidadutsa mabani a fodya a pa esiteti, kumene alonda adavula zipewa. Dzuwa lidali pamutu. Mtengo udandidya paphewa, ndipo ndidazindikira kuti pa zaka zonsezi sindidawanyamulepo aNaphiri, ndiwo ankandinyamula ine. Anyamata ankasinthana pa ngodya zina zitatu. Pa ngodya yanga sipadabwere munthu, kufikira pakati pa dambo pamene ndidapunthwa, ndipo mkulu wa adzukulu adandikankha ndi chigongono, nalowa m'malo mwanga. Nditayang'ana kumbuyo ndidaona kuti mzere wafupika. Ambiri adabwerera panjira. Ena kudali kutopa ndi dzuwa, ena sadafune kuonedwa. Amayi a Mvano adalipo, akuyimba ndi mawu ouma. Alamu ankayenda patali ndi abale awo. Kum'mawa kudaunjikana mitambo yakuda, mphepo idawomba, timadontho tidagwa pa matabwa ndi kuuma pomwepo. Mitambo idapita kwina.

Kumanda zonse zidayenda mwa dongosolo. Adatsitsa bokosi ndi zingwe, matabwa ali poyera monga adawapalira. Dothi lidayamba kugwa. Phokoso la dothi loyamba pa bokosi amalidziwa yekhayo amene adaikapo wake. Adzukulu adakwirira mofulumira, makasu akulandirana, naumba mtumbira. Poitana oika nkhata, woitana adayamba ndi eni mbumba, kenako a mpingo, kenako abale ena a kuchikazi, ndipo adatsekera pomwepo. Dzina langa silidamveke. Ndidadikira mpaka anthu atayamba kutuluka m'nkhalango, ndipo ndidaika yanga, ya maluwa a pabwalo pathu amene malemu adadzala okha. Ndidafuna kunena kanthu, koma ndidangoti, "Ndachita, aNaphiri." Pobwerera ndidayenda ndekha kumbuyo kwa onse.

Nditafika kunyumba tenti idali itachotsedwa kale. Padatsala mabowo a zikhomo ndi phulusa la moto. Amayi ankatsuka ziwiya ndi kusankha aliyense zake. Abale amene amayenera kugona pasiwa adasamukira kunyumba kwa alamu. Dzuwa likulowa alamu adabwera, naima pabwalo osakwera pakhonde.

"Mwatichititsa manyazi pamaso pa alendo. Makuponi akapanda kufika m'mudzi muno, anthu adziwa pa khomo loti agogode." Adapuma. "Tikameta, tikhala pansi. Muyambe kuganiza za kwanu."

Ndidati, "Ndamva, alamu." Ndidadziwa tanthauzo lake. Kusudzula mkamwini wokalamba ena amachedwetsa, ena sachita n'komwe, amamusiya afere pa ana ake. Kwa ine sikudzachedwa. Ku Nkhamenya makolo adapita kale, ndipo munda wa bambo anga akulima ndi ena. Ndidayang'ana chigafa, ndi mitengo ya mango imene ndidadzala Tiyamike ali kumsana.

Ndidalowa m'nyumba. Mipando idali idakali panja, ndipo chipinda chidaoneka chachikulu. Pansi padali mikeka ya eni ake imene idaiwalika. Ndidakhala pa mpando wa ndalema pafupi ndi khomo, osayatsa nyali, ngakhale kunkayamba kuda.

Ndidamva odi wa munthu wamkazi. Adali mayi wachikulire, mmodzi wa a kutali aja, ndipo adati wabwerera beseni lake limene adabwereketsa kophikira. Tidalipeza kuseri kwa nyumba. Adalitenga, koma sadapite. Adagwada pafupi ndi khonde, nayang'ana uku ndi uku, nalankhula motsitsa.

"Bambo, pepani, lero si tsiku lake. Koma amene ndikadawafunsa ndi amene tawasiya kujaku. Anyamata aja adalemba nambala ya chiphaso changa. Ndidapereka, ndidaopa kuponi. Kodi tsiku lovota adzaona pamene ndachonga?"

Ine sindidaphunzitsidwe za zimenezi. Ndimangodziwa zimene ndinkamva malemu akubwereza pa mjigo ndi pakhomo pano mpaka ndidaziloweza ngati katekisimu.

"Sadzaona, amayi. Pa pepala lovotera sipalembedwa dzina lanu. Chiphaso chili ndi inu?"

Adagwira pa mfundo ya chitenje chake. "Chili pano."

"Chisungeni. Tsikulo mukalowe nokha, mukachonge amene mtima wanu wafuna."

"Ndi mmene ankanenera amayi aja," adatero. Kenako adati, "Kwathu tilipo ambiri amene tidapereka. Ndikawauza." Adaika beseni pamutu, natsazika, ndipo ndidamuyang'ana mpaka adazimirira m'njira ya kumunda.

Ndidabwerera m'nyumba ndi kutseka chitseko. Kunyumba kwa alamu kunkamveka mawu a anthu ambiri ndi kulira kwa mwana. Kwanga kudali zii. Ndidayala mkeka mbali yanga ya masiku onse, ngakhale malo adali ambiri, ndipo ndidagwada kupemphera. Ndidapempherera Tiyamike. Ndidapempherera alamu ndi nazale yawo, kuti mvula ibwere ndi feteleza apezeke, pakuti njala ya ana awo sindiifuna. Za ine ndidangoti Iye amene adanditulutsa ku Nkhamenya ndili mnyamata akudziwa njira yobwererera.

Inu amene mwawerenga, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Adalitse minda yanu ndi mbewu zanu, akupatseni chakudya chosakumangani pakamwa. Pamene mudzaima nokha, kaya m'kachipinda kovotera kaya pakati pa khamu, akhale pafupi nanu ndi kulimbitsa mawondo anu. Ndipo tsiku lanu likadzafika, akupatseni munthu mmodzi wokumbukira zimene mudapempha. Mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Amen.